Mutu 9: Nyumba Yoyenda ndi Paipi ya ku Feruka

Mwa zolengedwa zonse zimene makolo athu adali kuzitchula m'nthano za madzulo, panalibe china chimene adachiyesa chamwayi pa nkhani ya pogona koposa kamba, pakuti iye, paliponse pamene dzuwa lamulowera, kaya ndi m'dambo kaya ndi m'tsinde mwa phiri, amangobweza mutu ndi miyendo yake, ndipo pomwepo wafika kwawo. Anthu a ku Ulaya ndi ku Amerika adasirira mwayi umenewu, namanga galimoto zokhala ndi kama, pophikira, posambira ndiponso chimbudzi m'kati mwake, kuti munthu akhale ali paulendo komanso ali pakhomo nthawi imodzimodzi. Eni ake amaitcha motorhome galimoto yotere, koma ife m'mutu uno tiitcha nyumba yoyenda. Ambiri a inu mudaziona zitaima m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Chitimba, ana atazizinga ndi kusuzumira pazenera, mwini wake atakhala pampando panja akumwa tiyi ngati munthu wopanda mangawa padziko.

Woona zotere sachedwa kunena mumtima mwake kuti: uyu ndiye mfulu, salipira lendi, sakangana ndi mnansi pa za malire, ndipo akatopa ndi malo amangoliza injini n'kumapita. Komatu akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamba amadya bowa ndi msipu umene aupeza panjira popanda kulipira munthu. Nyumba yoyenda imamwa mafuta, ndipo mafutawo sabadwa m'dziko lathu lino, koma amachokera kutsidya la nyanja zamchere, nadutsa m'manja mwa maboma, amalonda ndi osunga zipata ambirimbiri asanafike m'thanki. Tisanayambe kuwerengera ndalama zimene nyumba yotere imadya, ndi bwino tiyambe tapita kumalo amodzi kumene nkhani ya mafuta idalembedwa ndi zitsulo, ndiko ku Feruka.

Fakitale imene idagona isanakule

Kunja pang'ono kwa mzinda wa Mutare ku Zimbabwe, umene kufikira chaka cha 1982 unkatchedwa Umtali, kuli malo otchingidwa ndi mpanda wa waya, odzala ndi mathanki akuluakulu ozungulira, ndipo pakati pawo pali nsanja zachitsulo zimene dzimbiri lidazidya kalekale. Apa ndi pamene kampani ya Central African Petroleum Refineries idamanga fakitale yoyengera mafuta, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1965. Mafuta osayenga ankatsika m'sitima padoko la Beira ku Mozambique, nalowa m'paipi yokwiriridwa pansi yotalika pafupifupi makilomita 300, nakwera kuchokera kuchigwa cha kunyanja kufikira kumapiri a Manica. Paipiyo idamangidwa ndi kampani imene mwini wake wamkulu adali Lonrho, yomweyo imene ife Amalawi tidaidziwa chifukwa cha minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa.

Koma fakitaleyo idangogwira ntchito miyezi yowerengeka. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith adalengeza kuti Rhodesia, Zimbabwe wa lero, wadzilamulira yekha popanda chilolezo cha Britain, n'cholinga choti ulamuliro ukhalebe m'manja mwa azungu ochepa. Ndipo boma la Britain, posafuna kutumiza asilikali, lidaganiza zomugwira pakhosi pomutsekera mafuta. Chaka chimenecho chisanathe paipi idaleka kuyenda, ndipo mu Januwale 1966 moto wa ku Feruka udazima. Sitima zankhondo za Britain zidayamba kulondera panyanja pafupi ndi Beira, ndipo zidakhala zikulondera kufikira 1975, chaka chimene Mozambique adalandira ufulu. Mu Epulo 1966 sitima ina yonyamula mafuta, dzina lake Joanna V, idakwanitsa kufika padoko, dziko lonse lapansi litatchera khutu, koma idabwerera osatsitsa katundu wake. M'Rhodesia petulo adayamba kugulidwa ndi makuponi, munthu aliyense muyeso wake. Ndipo ngakhale mafuta ena ankalowabe kudzera ku South Africa ndi ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, njira zimenezo zidali zozungulira ndi zodula.

Zimbabwe atamasuka, paipi idatsegulidwanso m'chaka cha 1982, koma tsopano idayamba kunyamula petulo ndi dizilo woyenga kale, ndipo fakitale ija sidadzukenso. Feruka idasanduka nkhokwe yosungiramo ndi kugawirapo mafuta. Ngakhale pamenepo mtendere sudabwere msanga, pakuti mu Disembala 1982 nkhondo ya ku Mozambique ili m'kati, adani adatentha mathanki a ku Beira, ndipo galimoto za m'Zimbabwe zidaima pamizere masabata ambiri. Asilikali a Zimbabwe adakhala zaka pafupifupi khumi akulondera paipi, njanji ndi msewu wa ku Beira, kufikira pangano la mtendere la ku Rome la 1992 litasainidwa. Pambuyo pake paipi ina ya makilomita oposa 200 idalumikiza Feruka ndi Msasa ku Harare, ndipo kufikira lero gawo lalikulu la mafuta a dziko limenelo limadutsa pamalo amenewa.

Taonani tsono chodabwitsa cha mbiri. M'chaka chomwecho cha 1966, pamene Feruka idazima, kampani ya Winnebago ya m'tauni ya Forest City, m'chigawo cha Iowa ku Amerika, idatulutsa nyumba yake yoyenda yoyamba, ndipo anthu adaithamangira chifukwa kumeneko petulo adali wotchipa ngati madzi. Patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, mu Okutobala 1973, maiko a Aluya adachepetsa mafuta amene ankagulitsa, mtengo wake udakwera pafupifupi kanayi, ndipo nyumba zoyenda zidaunjikana m'mabwalo a ogulitsa popanda wozifunsa. Chimene Smith adachiphunzira ndi sitima zankhondo, Amerika adachiphunzira pampope wa petulo: chilichonse choyenda pa matayala chili ndi chingwe m'khosi, ndipo wogwira nsonga ya chingwecho amakhala kutali.

Lendi yolipira pa lita

Tsopano tikhale pansi tiwerengere, monga Ambuye adalangizira munthu wofuna kumanga nsanja, kuti angayambe maziko n'kulephera kutsiriza. Nyumba yoyenda imamwa mafuta ambiri pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi kulemera, pakuti pamwamba pa chitsulo chake imasenza kama, makabati, firiji, silinda ya gasi, mabatire ndi madzi. Ndipo popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thanki ya malita 100 ili ngati matumba awiri a chimanga amene galimoto iyenera kukwera nawo chitunda chilichonse. Amene adakwerapo Christmas Pass potuluka m'Mutare, kapena zitunda za ku Chiweta, adziwa mmene injini imabuulira ikasenzetsedwa. Chachiwiri ndi mphepo. Nyumba yotere ndi yayitali ndi yotakata ngati khoma, ndipo mphamvu ya mphepo yoikankha imakula mofulumira koposa liwiro, kotero kuti wowirikiza liwiro kawiri amalimbana ndi mphepo yowirikiza kanayi. Ndicho chifukwa chake woyendetsa wanzeru sathamanga: phazi lolemera limaboola thumba.

Tiyerekeze ulendo wa makilomita 600, umene uli ngati mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Harare kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Galimoto yaing'ono yoyenda makilomita 15 pa lita idzamwa malita 40. Nyumba yoyenda yocheperako, ya msinkhu wa minibasi yaikulu, yoyenda makilomita 8 pa lita, idzamwa malita 75. Koma zija zikuluzikulu zonga basi, zimene zimayenda makilomita atatu okha pa lita, zidzamwa malita 200, ndiwo mgolo wathunthu. Tikatenga mitengo imene bungwe la MERA lidalengeza mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, pamene petulo adafika pa K2,530 ndipo dizilo pa K2,734 pa lita, tipeza kuti galimoto yaing'ono ya petulo idzadya K101,200. Nyumba yoyenda yocheperako ya dizilo K205,050. Ndipo yaikulu ija K546,800, kupita kokha, kubwerera kusanawerengedwe. Mwini nyumba ya njerwa amalipira lendi kamodzi pamwezi nagona tulo. Mwini nyumba yoyenda amailipira pa kilomita iliyonse, ndipo mtengo wake ukhoza kusintha usiku iye ali mtulo.

Wina adzati: ngati ndi tero, ndingoiimika pamalo amodzi. Inde, ambiri okhala m'nyumba zoyenda amachita zomwezo, nakhala mwezi wathunthu osaliza injini; koma pamenepo ufulu umene adaugula ndi ndalama zambiri wasanduka chisakasa chothina, ndipo zolipira zina sizileka. Malo oimikapo otetezeka, okhala ndi madzi, magetsi ndi potayira za m'chimbudzi, amalipiritsa usiku uliwonse. Inshulansi ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu zimafuna kukonzedwanso nyengo yake ikakwana, kaya galimotoyo idayenda kaya ayi. Matayala amang'ambika ndi dzuwa ngakhale asanaperepeseke, mabatire amafa pakapita zaka zochepa, ndipo denga likangoyamba kudontha mvula ya Januwale imaoletsa matabwa a m'kati mwakachetechete. Woyenda nayo maiko amakumananso ndi zolipira za pamalire: chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, khadi lachikasu la inshulansi la COMESA, misonkho ya misewu, ndi zipata zolipirapo monga za ku Chingeni ndi ku Kalinyeke kwathu kuno.

Koma chachikulu koposa zonsezi, chimene ambiri sachiona chifukwa sichibwera ndi lisiti, ndi kutha mtengo. Nyumba ya njerwa yomangidwa pamalo abwino imakwera mtengo zaka zikamapita, ndipo mwini akatsikira kulichete ana ndi adzukulu amapezapo pogona; nyumba yoyenda imayamba kutsika mtengo tsiku lomwelo ikutuluka kwa ogulitsa, ndipo pakapita zaka makumi awiri imatsala chitsulo chogona nkhuku. Palinso ichi, kuti injini ikafa munthu amataya zinthu ziwiri pamodzi, pakuti galimoto ikagona ku galaja podikira chitsulo chochokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, nayo nyumba yagona komweko, pamodzi ndi mphika, bulangete ndi Baibulo. Walira mvula walira matope.

Tisaganizenso kuti onse okhala m'nyumba zoyenda kumaiko olemera adasankha okha. Buku la Jessica Bruder lotchedwa Nomadland, la 2017, lidaonetsa dziko za okalamba ambiri a ku Amerika amene adataya nyumba ndi ntchito pa mavuto a zachuma a 2008, nayamba kugona m'magalimoto ndi kuyendayenda kufunafuna maganyu. Kwa otere thanki ikapungula mtima umapungulanso, monga anamwali aja amene nyali zawo zidayamba kuzima pakati pa usiku.

Eni nyumba zoyenda a kwathu

Kodi tsono kwathu kuno alipo okhala m'nyumba zoyenda, kupatula alendo odzaona nyanja? Alipo ndithu, ndipo ndi ambiri, ngakhale sitiwatcha dzina limenelo: ndiwo abale athu oyendetsa mathiraki ndi mathanki a mafuta m'misewu ya ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Madzulo ena ndili ku Mutare, ndikuyenda m'mbali mwa msewu wopita ku Feruka kumene mathanki adandanda kudikira kudzazidwa m'mawa, ndidamva mwamuna wina akulankhula pafoni m'chinenero chathu. Atatsiriza ndidayandikira pakhomo la thiraki, ndipo posadziwa chochita china ndidachita chimene timachita pakhomo lililonse.

"Odi, odi kuno!"

"Odini, bambo, fikani," adayankha akuseka, nanditsegulira chitseko monga mwini mudzi.

Adali mdzukulu wa machona. Agogo ake adachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito m'mafamu a Rhodesia, namwalira osaonanso kwawo. Iye adabadwira ku Sakubva, m'Mutare momwemo, koma adakwatira ku Malawi ndipo ana ake ali kumeneko. Kumbuyo kwa mipando kudali kama wopapatiza, bulangete litapindidwa bwino, malaya awiri atapachikidwa pa waya, ndi chithunzi cha ana atavala yunifolomu chitamatidwa pamwamba pa galasi. M'bokosi lachitsulo la m'mbali mwa thiraki mudali thumba la ufa, mphika, mthiko, chipande, mchere, botolo la mafuta ophikira, usipa wouma ndi chigubu cha madzi. Woyendetsa thanki ya mafuta sakoleza moto pafupi ndi galimoto yake, chotero iye ndi anzake atatu adali atasonkhana chapatali pansi pa mtengo, mmodzi akuvundula nsima, wina akudula tomato pachivundikiro cha mphika.

Nditamufunsa ngati sasangalala kukhala mfulu wa pamsewu, adandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo," adatero, "thiraki iyi ikadzaza imamwa lita imodzi pa makilomita awiri okha, ndipo abwana amandipatsa dizilo wowerengera, ndikapyola muyeso amadula pamalipiro anga. Usiku kukazizira sindiliza injini kuti ndifunde. Pazipata zina za m'malire timagona masiku atatu kapena anayi, ndalama ya kamba wapanjira n'kutha, n'kuyamba kudya ya ana. Mwana wanga wotsiriza adayamba kuyenda ine ndili ku Inchope, ndidamuonera pafoni."

Umenewu ndiwo mtengo umene sulembedwa m'buku la ndalama. Mlendo wa ku Ulaya amagona m'galimoto chifukwa wafuna kuona dziko, ndipo akatopa amabwerera kunyumba imene idamudikira; mbale wathuyu amagona m'galimoto kuti ife tonse tipeze dizilo wa chigayo, wa ambulansi ndi wa basi, atasenza malita oposa 30,000 kumbuyo kwake pamene iye mwini akuwerengera dontho lililonse. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitadulidwa, adali madalaivala otere amene ankadutsa m'chigawo cha Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali kuti Malawi asaime, ndipo ena a iwo sadabwerere kwawo.

Ndiponso ife eni, kodi sitidagonepo m'galimoto chifukwa cha mafuta? Amene adaona zaka za 2011 ndi 2012, komanso za 2022 kufikira 2024, akumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, mmene amuna aulemu wawo ankatsamiritsa mpando ndi kufunda jekete usiku wonse, akazi awo akuwabweretsera nsima m'kontena, onse maso ali kumsewu kudikira thanki yochokera kudoko. Kusowa kwa mafuta kudali chimodzi mwa zodandaula za zionetsero za pa 20 Julayi 2011, zimene zidatengetsa miyoyo ya anthu pafupifupi 20. Ku Zimbabwe nako, pamene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengeza pa 12 Januwale 2019 kuti petulo wafika pa madola 3.31 pa lita, mtengo woposa kuwirikiza kawiri, mizinda idawira ndipo mwazi udakhetsedwa. Maiko athu opanda doko ayesetsa kudziteteza: Malawi amasakaniza petulo ndi mafuta ochokera ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa, ndipo bungwe la NOCMA lili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, koma nkhokwe sidzaza yokha, imafuna ndalama zakunja, ndipo zimenezo ndizo zimatithawa.

Uphungu kwa wosirira

Sindikunena kuti nyumba yoyenda ndi chinthu choipa. Kwa wochita malonda oyendetsa alendo, kwa achipatala ofikira midzi yakutali, kapena kwa banja lokhala ndi pogona pake kale limene lifuna kuona Nyika, Vumba ndi Nyanga popanda kulipira mahotela, ikhoza kukhala yothandiza kwambiri. Koma wofuna kuigula kuti athawe lendi ayambe watenga pensulo ndi pepala, alembe makilomita amene adzayenda pachaka, awagawe ndi makilomita amene galimotoyo imayenda pa lita, achulukitse ndi mtengo wa mafuta, kenaka awonjezepo theka lina chifukwa mtengowo sudzakhala pomwepo. Alembenso matayala, mabatire, inshulansi, malo oimikapo, makaniko, ndi ndalama imene galimotoyo idzataye chaka ndi chaka. Akatsiriza adzifunse funso limene a ku Umtali sadadzifunse mu 1965: kodi tsiku limene mpope udzatsekedwa ndi anthu amene sindidawaonepo, ine ndidzagona kuti, ndipo ndidzayenda bwanji? Safunsa adadya phula.

Mnzanga wa ku Feruka uja adali atayankha kale funso limeneli m'njira yake. Tisanasiyane adatulutsa foni nandionetsa chithunzi cha nyumba ya njerwa zootcha kumudzi kwa mkazi wake, makoma atafika pa lintala, mazenera akadali mabowo. "Ulendo uliwonse ndimagula malata awiri kapena thumba la simenti," adatero. "Agogo adafera kuno opanda denga kwawo. Kwanu n'kwanu, bambo, m'thengo mudalaka njoka." M'mawa mwake ndidadutsanso pamalopo dzuwa lisanatuluke pamapiri a kumalire, ndipo ndidamupeza akuzungulira thiraki yake ndi kachitsulo m'manja, akugogoda tayala lililonse ndi kutchera khutu. Chipata chitatsegulidwa adakwera, nakweza dzanja pazenera, nalowa kukadzaza katundu amene adzamugulire malata awiri otsatira.